Buku la mlembi: chaka choyamba cha bodi ya otikita minofu ku Lusaka

Loweruka, 20 Januwale 2024

Msonkhano woyamba sunachitike monga tinapanganira. Kolera yavuta m'tauni muno, bwalo la National Heroes lasanduka chipatala, ndipo ana sanatsegulirebe sukulu. Takambirana pa WhatsApp, anthu 7, wina mawu ake akudukaduka ali m'basi ya ku Matero. Andisankha kukhala mlembi. Sindinapemphe. Apampando angoti, "Amayi a ku Kabwata amalemba bwino," enawo n'kuvomera msangamsanga, aliyense akuthawa mtolo.

Ndizisunga mabuku awiri. Lina ndi la maminitsi, louma gwa. Lina ndi lino, loti mamembala ndi ena ofuna kudziwa aziona pamene tafika.

Ntchito yathu ndi kukonza mayeso ndi satifiketi ya anthu otikita minofu, amene m'tauni amangowatchula kuti a masaji. Munthu wophwanya m'thupi akagona pabedi alibe njira yodziwira ngati manja amene akumugwira anaphunzira kapena anangodzuka nazo. Mu bodi muli eni masukulu atatu, ife awiri ogwira ndi manja tsiku ndi tsiku (ine ndi mnyamata wotikita osewera mpira), bambo wina wa fizo (physiotherapy, ntchito yothandiza odwala kuti ziwalo zawo ziyambenso kugwira ntchito) amene anapuma ntchito ya m'chipatala, ndi mayi wina amene si wa ntchitoyi, woimira makasitomala.

Loweruka, 10 Febuluwale

Takumana pamasom'pamaso mu holo ya tchalitchi china ku Kabwata, ndowa ya madzi a kolorini ili pakhomo. Tsiku lonse lathera pa funso limodzi la abambo a fizo, amene afunsa tisanakhazikike n'komwe: "Pepala lanulo lidzanena chiyani, nanga lidzaleka kunena chiyani?"

Atikumbutsa malire. Health Professions Council of Zambia, imene inalowa m'malo mwa Medical Council ndi lamulo la 2009, ndiyo imalembetsa a fizo, anthu amene amakhala zaka ku yunivesite ya UNZA kapena ku koleji ya Evelyn Hone. TEVETA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, imayang'anira masukulu a ntchito zamanja. ZAQA imaona za msinkhu wa masatifiketi m'dziko muno. Ziphaso za malo a bizinesi n'za kukhonsolo, ku Civic Centre. Ife ndife anthu a ntchito imodzi amene tagwirizana kudziikira muyezo, basi. Tavomerezana kuti m'munsi mwa satifiketi mulembedwe poyera kuti mwini wake si dokotala, si wa fizo, sayeza matenda ndipo sapereka mankhwala.

Mmodzi wa eni masukulu sanakondwe. Ati, "Ndani angalipire pepala lodzinyoza lokha?" Amuyankha ndi mayi woimira makasitomala: "Ine, abambo. Amene amanena kuti amachiritsa zonse ndiye ndimamuopa."

Tayang'ananso za anzathu akutali. Ku South Africa otikita mothandiza odwala amalembetsa ku Allied Health Professions Council, bungwe loimikidwa ndi lamulo la dziko. Ku America kuli bodi yotchedwa NCBTMB, ya 1992, imene imapereka satifiketi, koma chiphaso chogwirira ntchito chimachokera ku boma la chigawo chilichonse, ndipo zigawo zambiri zimafuna mayeso otchedwa MBLEx. Kumeneko satifiketi ya bodi ndi chiphaso cha boma n'zinthu ziwiri zosiyana. Zandikhazika mtima pansi pang'ono.

Mapepala olembetsera bungwe kwa Registrar of Societies ali ndi msungichuma.

Loweruka, 9 Malichi

Lero takangana. Eni masukulu abwera ndi nambala: maola 500 a m'kalasi munthu asanalembe mayeso, poti zigawo zambiri za ku America zimayambira pamenepo. Nambalayo ilibe choipa. Choipa n'chakuti amene akuitchula ndi omwewo amene amagulitsa maolawo. Sindinanene choncho mumsonkhano, koma nkhope yanga siidziwa kubisa.

Chimene ndanena ndi nkhani ya amayi ena a ku Mtendere. Atikita anthu zaka zoposa makumi awiri. Anaphunzira kwa agogo awo, amene anali azamba ku Chadiza, kenako anagwira mu saluni ina m'tauni. Kulemba amalemba dzina lawo lokha. Msana wanga ukauma ndi kwa iwo kumene ndimapita, ine wa satifiketi ya kosi ya miyezi ingapo yopachika pakhoma. Ndafunsa: tiwakhazike pa desiki maola 500 kuti aphunzitsidwe kukanda phewa ndi mwana wa zaka 25?

Apampando, amene nawonso ali ndi sukulu, ayankha mosakwiya: "Amayi a mlembi, kukanda phewa amadziwa. Nanga phewa losayenera kukandidwa amalidziwa?" Ndasowa choyankha, chifukwa inenso sindidziwa ngati amalidziwa.

Tamanga mfundo yoti pakhale makomo awiri. Khomo la sukulu, ndi khomo la manja: zaka zisanu pa ntchito, mboni ziwiri, ndi kosi ya masiku asanu ya zizindikiro zoopsa. Mayeso akhale amodzi kwa onse. Si chachilendo ichi, ngakhale TEVETA ili ndi njira yoyesera amisiri amene anaphunzirira pa ntchito, monga omanga ndi akalipentala. Mavoti: anayi kwa atatu.

Loweruka, 13 Epulo

Abambo a fizo abweretsa mndandanda wa zoletsa, ndipo tauwerenga mzere ndi mzere kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Uwu ndiwo mtima wa mayeso, choncho ndilemba zambiri.

Choyamba ndi mwendo umodzi wotupa, wotentha, wopweteka m'katumba. Kawirikawiri umabwera munthu akakhala nthawi yaitali osayenda: ulendo wa basi wochokera ku Johannesburg kapena ku Nakonde, kugona m'chipatala pambuyo pa opaleshoni, kapena mayi atangobereka. Akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha wa mkati. Wotikita akaukanda mwendo woterewu, chibuma cha magazicho chikhoza kuchoka n'kuyenda mpaka kukatseka m'mapapo, munthu n'kufa tsiku lomwelo. Chovuta n'chakuti kasitomala amabwera akunena kuti minofu yakokana, ndipo amapempha yekha kuti mumukande kwambiri pomwepo.

Chachiwiri chatikhudza tonse a kum'mawa: kuthowa. Tonsefe tinakula tikuona nsalu yoviika m'madzi otentha ikuikidwa pamalo opweteka, ndipo imathandiza. Koma wodwala shuga nthawi yaitali mapazi ake amachita dzanzi. Samva kutentha, amapsa osadziwa, ndipo bala la wa shuga limavuta kupola. Mnyamata wa mpira wavomera kuti sanayambe wafunsapo munthu za shuga asanamuthowe. Inenso, ngakhale ndakhala chete.

Zina tadutsa msanga: kutentha thupi (kuphwanya m'thupi kwa malungo kumafuna kuyezetsa magazi, osati mafuta), mabala, mphere, chipere, mashingozi, fupa lothyoka kumene, mitsempha yotupa ya m'miyendo, ndi munthu wakumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, amene amavulala mkati ndi kukanda kwamphamvu. Mayi woyembekezera wotupa nkhope ndi manja, mutu ukumupweteka, apite ku kiliniki lero lomwelo. Wa msana amene wayamba kuchita dzanzi pakati pa miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo, ameneyo ndi wa ku chipatala chachikulu cha UTH, osadikira mawa.

Tagwirizana lamulo limodzi lolimba. Pa mayeso padzakhala munthu wodziyesa kasitomala, wobisa chimodzi mwa zizindikirozi. Woyesedwa akamutikita, walephera, ngakhale atakhoza zina zonse. Ine ndiye ndalimbikira kuti lamuloli lilembedwe choncho, popanda "koma".

Loweruka, 18 Meyi

Mwezi wathunthu wathera pa kumasulira mafunso. Magetsi akuzima maola ambiri chifukwa cha chilala, madzi achepa ku damu la Kariba lopangira magetsi, ndiye ndimalemba pa pepala masana, n'kutaipa usiku akabwera.

Mawu a m'mabuku a masaji ambiri ndi Chifalansa. Anawatchukitsa ndi dokotala wa ku Netherlands, Johann Georg Mezger, ngakhale katikitidweko kamatchedwa ka ku Sweden pokumbukira Per Henrik Ling, amene anatsegula sukulu ya masewera olimbitsa thupi ku Stockholm mu 1813. Effleurage ndi kusisita. Petrissage ndi kukanda, monga mmene timakandira ufa wa mandasi. Tapotement ndi kuombaomba ndi m'mbali mwa zikhatho. Ophunzira amaluma lilime kuloweza mawuwa, chonsecho ntchito zake amazichita kuyambira ali ana, popondaponda msana wa agogo.

Vuto lalikulu silinali Chifalansa koma Chinyanja chathu chomwe. Ine ndinalemba monga timalankhulira ku Katete: mwendo watupa, ukupweteka. Nditayesa mafunso pa atsikana awiri obadwira ku Chawama, anandiyang'ana ngati ndikuwerenga Baibulo. Iwo amati wavimba, ubaba. Katumba sanamumvepo. Ndinayamba kuuma mutu, kufuna kuti chilankhulo cha pa mayeso chikhale choyera. Mayi woimira makasitomala andibweza: "Kodi mukuyesa Chichewa kapena mukuyesa ngati adziwa mwendo woopsa?" Tsopano woyesa azifunsa pakamwa m'mawu amene woyesedwa akumva, ndipo kuloza pa thupi kuziwerengedwa ngati yankho. Mafunso a Chibemba atsala, tilibe womasulira.

Loweruka, 15 Juni

Malamulo a khalidwe. Nkhani imene aliyense amaidziwa koma palibe amafuna kuiyamba. Ukanena kuti umagwira ntchito ya masaji, amuna ena amamwetulira mwa mtundu wina. Mafoni a usiku ofunsa za "ekisitira" tonsefe tinawalandirapo. Apongozi anga anatha zaka akuuza anthu kuti ndimagwira ku saluni ya tsitsi.

Abambo a fizo atiuza mbiri imene sindinkaidziwa. Mu 1894 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inalemba za nyumba zina za ku London zimene zinkabisa uhule m'dzina la masaji. Chaka chomwecho amayi anayi, anamwino ndi azamba, anayambitsa Society of Trained Masseuses kuti ateteze dzina la ntchito yawo, ndipo chida chawo chinali mayeso ndi satifiketi. Bungwe lomwelo ndi limene lero limatchedwa Chartered Society of Physiotherapy. "Ndiye kuti ntchito yanga ndi mwana wa ntchito yanu," atero, akuseka. Mnyamata wa mpira wawapempha kuti akanene zomwezo kwa anzawo a m'chipatala.

Zimene talemba: kasitomala azifundidwa, kuvundukula pokhapo pamene pakutikitidwa, azifunsidwa chilolezo asanagwiridwe pamimba, pamatako kapena m'ntchafu, akhoza kunena kuti basi nthawi iliyonse, mwana asatikitidwe popanda kholo m'chipindamo, za matenda a kasitomala zisatuluke pakhomo. Ndipo wotikita nayenso akhoza kusiya ntchito pakati kasitomala akayamba zachibwana. Pa mfundo yomalizayi amayi tonse tinalankhula nthawi imodzi.

Kachitidwe ka madandaulo sikanathe. Sitinagwirizane za amene azimva mlandu ngati wodandaulidwayo ndi wophunzira wa membala wa bodi.

Loweruka, 20 Julayi

Msonkhano waufupi, kukuzizira. Akaunti ya ku banki yatsegulidwa, osainira atatu. Ndalama za mayeso zizilipidwa pa Airtel Money kapena MTN ku nambala ya bungwe, osati m'manja mwa munthu.

Lamulo lodzipatula ladutsa: membala wa bodi asayese, asaone mapepala, ndipo asavote pa nkhani yokhudza wophunzira wake, wantchito wake kapena m'bale wake. Ndinalibweretsa ndine, maso anga ali pa eni masukulu. Nditafika kunyumba ndi pamene ndinakumbukira kuti mwana wa achemwali anga, amene ndakhala ndikumuphunzitsa m'chipinda changa, walembetsa nawo mayeso a Seputembala.

Lolemba, 23 Seputembala

Mayeso oyamba anachitika Loweruka, m'chipinda chobwereka ku Chilenje. Oyesedwa 14, asanu ndi anayi a khomo la sukulu, asanu a khomo la manja. Magetsi kunalibe kuyambira dzulo lake. Madzi ofunditsira mathaulo tinawiritsa pa mbaula, ndipo mabedi tinawakokera kufupi ndi mawindo.

Ine ndinakhala pakhonde tsiku lonse ndi wotchi, kuitana manambala. Za mkati ndazidziwa dzulo, powerenga malipoti a oyesa kuti ndilembe zotsatira.

Wodziyesa kasitomala anali namwino wina wopuma, ndipo anasewera bwino mpaka kuwawa. Amalowa akutsimphina, akuti wangotsika basi ya ku Johannesburg, katumba wa kumanzere wakokana, ndipo mawa ali ndi maliro ku Chipata. Munthu akakayika, iye amakweza mawu: "Ndalipira kale, mwana iwe. Ingokanda pang'ono."

Amayi a ku Mtendere anafunsa kuti ululu unayamba liti, anayerekeza miyendo yonse iwiri, anaika kuseri kwa dzanja pa katumba, n'kubweza chitenje. Lipoti lalemba mawu awo: "Achemwali, mwendo uwu si wa manja anga. Tiyeni ndikuperekezeni ku kiliniki." Atakakamizidwa, anati ndalama abweza. Woyesa atawafunsa chifukwa chake, sanatchule dzina la matenda. Anati magazi aima, ndipo ukawasuntha amathamangira kuchifuwa. Akhoza. Pa mafunso a mafupa ndi minofu apeza mamaki ongokwanira, ndipo oyesa alemba kuti awonjezere kuphunzira za shuga.

Akhoza ndi anthu 10. Anayi alephera, onse pa mwendo womwewo: atatu a khomo la sukulu, ndi mmodzi wa khomo la manja, mwana wa achemwali anga. Pa kutikita anaposa onse. Zizindikiro anazitchula bwinobwino atafunsidwa m'mawa. Koma masana, namwino atakweza mawu, mwanayo anati, "Chabwino amama, ndingosisita pang'ono," n'kuthira mafuta m'manja.

Dzina lake pa mndandanda wa olephera ndalilemba ndi dzanja langa.

Loweruka, 12 Okutobala

Achemwali anaimba kuchokera ku Katete usiku womwe zotsatira zinatuluka. Sanakalipe, zikanakhala bwino akanakalipa. Anati, "Iwe, ndinakupatsa mwana kuti umulere. Uli pampando, ukulephera kumutsegulira kakhomo? Chibale n'fupa." Ndinayesa kufotokoza za lamulo lodzipatula. Anafunsa kuti analemba lamulolo ndani. Sitinalankhulanenso kufikira lero.

Mumsonkhano wa lero mmodzi wa eni masukulu, amene ophunzira ake awiri agwa, wapempha kuti lamulo la mwendo lifewetsedwe: wolakwitsa achotsedwe mamaki m'malo molephera. Mfundo yake si yopusa. Ati mayeso ndi sewero, ana amanjenjemera, ndipo namwino uja anawakalipira mopitirira. Kenako watembenukira kwa ine: "Amayi a mlembi, inunso zakukhudzani. Tithandizane." Mtima unafuna. Sindinama.

Lamulo la Julayi latitulutsa panja atatu: iye, mnzake wa sukulu ina, ndi ine. Taima pansi pa mtengo wa mango osayang'anana, kutentha kwa Okutobala kukutiwamba. Otsala anayi avota atatu kwa mmodzi kuti lamulo likhale momwemo. Olephera abwereze mu Febuluwale, gawo lokhalo, pa theka la mtengo.

Pansi pa mtengo paja ndi pamene ndinaona mbali yanga. Mwanayo wakhala nane zaka zambiri. Ndamuphunzitsa kulandira kasitomala ndi ulemu, kusatsutsana ndi wamkulu, kusalola munthu kutuluka ali wokwiya chifukwa lendi ya chipinda imadikira kumapeto kwa mwezi. Sanandionepo ndikubweza ndalama. Mndandanda wa zoletsa anauloweza pa pepala, koma chimene anachiona ndi maso tsiku ndi tsiku ndicho anachita. Ndabwerera mkati n'kupempha kuti kosi ya masiku asanu ikhale ndi tsiku lathunthu loyeserera kukana: mawu oti unene, mmene ungaimire, zoti uchite munthu akakweza mawu. Avomera. Kwa mwana woleredwa mwa Chichewa, kuuza mayi wa msinkhu wa amake kuti iyayi si chinthu chophunzira powerenga.

Mnyamata wa mpira wadzutsa nkhani yovuta kuposa. Iye akakana kukanda wosewera wovulala, kochi amaitana wina. Atsikana olembedwa ntchito m'mahotela ndi m'malo a masaji a ku Kabulonga ndi ku Woodlands akabweza kasitomala, ena amadulidwa malipiro. Tikuyesa anthu pa chinthu chimene abwana awo akhoza kuwalangira. Pa olemba ntchito bodi ilibe mphamvu iliyonse. Tagwirizana kuwalembera kalata, ndi kupanga kapepala kotumizira munthu ku kiliniki, kokhala ndi chidindo cha bungwe, kuti wokanayo akhale ndi chosonyeza. Ngati kathandiza, tidzaona chaka chamawa.

Loweruka, 16 Novembala

Masatifiketi 10 asindikizidwa, lililonse ndi nambala yake, logwira ntchito zaka ziwiri. Lina labwerera kosindikiza, dzina linalakwika. Amayi a ku Mtendere afunsa ngati angabwere ndi adzukulu pa tsiku lolandira, ndipo apempha kuti wina adzawawerengere mokweza zolembedwa m'munsi zija.

Mwana wa achemwali anabwerera ku ntchito patatha masabata atatu. Lachiwiri lililonse tikatseka, ine ndimagona pabedi n'kudziyesa kasitomala wovuta. Sabata yatha ndinamukalipira mpaka anthu a shopu yoyandikana anasuzumira pawindo. Anagwira botolo la mafuta, analiyang'ana, n'kulibweza pa shelefu. Amake sanaimbebe.

Zotsala chaka chisanathe: kachitidwe ka madandaulo, kamene kakhala pa ajenda kuyambira Juni, womasulira mafunso m'Chibemba, kalata ya kwa olemba ntchito, imene apampando akuti ndaiwawitsa, ndiifewetse ndime yachiwiri, ndi kupeza wina wodziyesa kasitomala wa Febuluwale, chifukwa nkhani ya basi ya ku Johannesburg yafalikira kale m'masukulu onse atatu. Abambo a fizo akuti ulendo uno tiyese mapazi a wodwala shuga ndi beseni la madzi otentha. Chidindo cha bungwe sichinabwere, wopanga akuti Lachitatu.